Mitengo khumi yosankhika singapulumutse mtedza wa ku Amazon

Mu 2017 zokolola za mtedza wa Brazil, umene umabereka pa mitengo ikuluikulu ya m'nkhalango, zinatsika kwambiri chifukwa cha chilala cha El Niño chimene chinagwa m'nkhalango ya Amazon mu 2015 ndi 2016, ndipo mtedzawu unakwera mtengo m'misika ya padziko lonse. Chaka choterocho chikafika, mtsutso wakale umadzukanso. Ena amati n'zosamveka kuti malonda aakulu chotere azidalirabe anthu otola zipatso zakugwa m'nkhalango za ku Bolivia, Brazil ndi Peru nyengo ya mvula. Iwo amati tisankhe mitengo yobereka kwambiri, tiimezanitse, tidzale minda ikuluikulu, nkhani ithe. Ena amati boma la Brazil linaletsa kale kudula mtengowu, choncho palibe chodetsa nkhawa. Palinso ena amene amafuna kuti kutola kuletsedwe kumene. Ine ndikuti magulu atatu onsewa akuyang'ana mtengo umodziumodzi, pamene chofunika kusungidwa ndi mtundu wonse: misitu yambiri yofalikira m'madera osiyanasiyana, yokhala ndi mitengo yosiyana chibadwa, njuchi zake, tinyama tomwaza njere ndi mitengo yaing'ono yodzalowa m'malo mwa yakale. Kudzala sindikukutsutsa. Chimene ndikutsutsa ndi kudzala mitengo mamiliyoni yochokera kwa makolo owerengeka pa zala, kenako n'kumanena kuti mtengowu taupulumutsa.

Kuti mfundoyi imveke, tiyambe taona mmene mtengowu umakhalira. Dzina lake la sayansi ndi Bertholletia excelsa, ndipo ku Brazil amautcha castanheira. Umatalika mpaka mamita 50 ndipo umatha kukhala zaka 500 kapena kuposerapo. Duwa lake lili ndi kachivindikiro kolimba kotchinga timadzi totsekemera, moti njuchi wamba sizitha kulowamo. Zimene zimatha kukankha kachivindikiroko ndi njuchi zikuluzikulu zamphamvu za m'magulu a Xylocopa, Eulaema, Bombus, Centris ndi Epicharis. Duwalo limatseguka m'bandakucha n'kuthothoka tsiku lomwelo, ndipo maluwa amene amasanduka chipatso sakwana ngakhale 1 pa 100. Chachikulu n'chakuti mtengowu nthawi zambiri umakana mungu wake womwe, umafuna wochokera ku mtengo wina. Chipatso chimatenga miyezi pafupifupi 14 kuti chikhwime, n'kugwa chili chigoba cholimba ngati chitsulo, cholemera mpaka makilogalamu 2, muli njere zapakati pa 10 ndi 25. Chigobacho sichisweka chokha. Amene amachiboola ndi agouti, kanyama ka m'gulu la makoswe kokula ngati kalulu. Njere zina kamadya, zina kamakwirira kuti kadzadye mawa, ndipo zimene kaiwala ndi zimene zimamera. Koma agouti sapita nazo kutali, kawirikawiri ndi mamita makumi ochepa chabe. N'chifukwa chake mitengoyi imapezeka m'misitumisitu yotchedwa castanhais, ndipo mitengo yoyandikana nthawi zambiri imakhala pachibale. Njere zimayenda pafupi, mungu ndiwo umayenda patali pa msana wa njuchi, ndipo umenewu ndiwo ulusi wolumikiza msitu wina ndi unzake.

Tsopano tikamati kusiyanasiyana kwa majini, tinthu tonyamula chibadwa kuchokera kwa makolo, tikutanthauza chinthu chowerengeka ndithu. Mtengo uliwonse uli ndi majini awiriawiri, ena ochokera kwa mayi ena kwa bambo. Mu msitu wonse, jini imodzi imatha kukhala ndi mitundu ingapo, ina yofala, ina yopezeka mwa mitengo yochepa. Mitundu yosowayo lero ingaoneke yopanda ntchito, koma mwina ndi imene imathandiza mtengo kupirira chilala chachitali kapena matenda amene sanabwere. Akatswiri ali ndi lamulo losavuta: m'badwo uliwonse gulu limataya gawo la kusiyanasiyana kwake lofanana ndi 1 kugawa ndi kawiri chiwerengero cha mitengo imene ikuberekadi. Ngati yobereka ndi 50, limataya 1 pa 100. Ngati ndi 10, limataya 5 pa 100. Ngati ndi 5, limataya 10 pa 100 m'badwo umodzi wokha. Mawu akuti "imene ikuberekadi" ndiwo mutu wa nkhani yonseyi, chifukwa munda ungakhale ndi mitengo 100,000, koma ngati yonse inamezanitsidwa ndi nthambi za mitengo khumi, pa nkhani ya majini ndi mitengo khumi basi.

Mfundo yoyamba ya otsutsa ndi ya omezanitsa, ndipo si yopepuka. Iwo amati mbande yochokera ku njere imatenga zaka zoposa khumi isanayambe kubereka, pamene yomezanitsa imayamba msanga ndipo imakhala yaifupi. Amati m'nkhalango mitengo yochepa ndi imene imabereka gawo lalikulu la mtedza, ina ikungodya malo, choncho n'kwanzeru kuchulukitsa yobereka bwinoyo. Amakumbutsanso kuti ntchito yotola ndi yoopsa, popeza chigoba cha makilogalamu 2 chikagwa kuchokera pa mamita 40 chimapha munthu, ndiponso mtedza ukakhalitsa pansi pachinyezi umachita chuku chotulutsa poizoni wa aflatoxin, amene anachititsa kuti mayiko a European Union akhwimitse malamulo pa mtedza wosasenda wa ku Brazil mu 2003. Bungwe la Embrapa, lofufuza za ulimi ku Brazil, lakhala likusankha mitengo yomezanitsa kwa zaka zambiri, ndipo munda waukulu wa Aruanã ku Itacoatiara, m'chigawo cha Amazonas, unaonetsa kuti mtengowu umatheka kudzalidwa. Wosauka anganene kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, za majini tidzaziona mtsogolo. Zonsezi ndikuzivomera. Koma yankho langa loyamba n'lakuti mtengo wobereka kwambiri m'nkhalango sikuti nthawi zonse uli ndi majini abwino. Kubereka kumadaliranso kukula kwa nthambi zake, dzuwa limene ukulandira, nthaka, ndi zilambe zimene zaukwera. Kafukufuku wa m'chigawo cha Acre ku Brazil anasonyeza kuti kungodula zilambe pa mtengo kumawonjezera zokolola m'zaka zotsatira. Choncho ukasankha mtengo chifukwa unadzaza madengu chaka chino, mwina wasankha malo abwino osati mbewu yabwino, ndipo malowo sumezanitsa.

Yankho lachiwiri ndi la masamu, ndipo ndi limene alimi amalimva m'thumba. Popeza mtengowu umakana mungu wake, mitengo yonse yochokera ku kholo limodzi imakanana yokhayokha, ngakhale itakhala 1,000. Njuchi ikachoka pa mtengo wina kupita pa woyandikana nawo m'mzere, ngati onse ndi a kholo limodzi, ntchito yake yapita pachabe. Ichi n'chimodzi mwa zifukwa zimene minda ina imachita maluwa ochuluka koma zipatso zochepa. Komanso makolo khumiwo sabereka mofanana. Tiyerekeze kuti awiri akupereka 30 pa 100 aliyense, ndipo asanu ndi atatu otsalawo akupereka 5 pa 100 aliyense. Mukachulukitsa gawo lililonse ndi lokha n'kuphatikiza mumapeza 0.2, ndipo 1 kugawa ndi 0.2 ndi 5. Ndiye kuti munda wolembedwa kuti uli ndi makolo khumi ukugwira ntchito ngati uli ndi asanu. Vuto limakula pa m'badwo wachiwiri, pamene anthu ayamba kutenga njere za m'mundamo kukafesa m'manazale chifukwa n'zapafupi komanso zotchipa. Mbande zotere zimakhala za bere limodzi kapena za bambo mmodzi, ndipo zikadzakula zidzakwatirana pachibale. Zotsatira zake n'zodziwika pa mitengo yofuna mungu wa kwina: njere zambiri zopanda kanthu, mbande zofooka, kukula mochedwa. Choipa n'chakuti pa mtengo wokhala zaka mazanamazana, cholakwa chimaonekera wolakwayo atapita kale.

Amene akuganiza kuti ndikukokomeza ayang'ane makademiya, mtedza winanso wa m'nkhalango za mvula, wochokera ku Queensland ndi New South Wales ku Australia. Njere zake zinapita ku Hawaii chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, ndipo kumeneko n'kumene anasankha mitundu yomezanitsa imene inafalikira m'minda ya padziko lonse. Mu 2019 akatswiri a ku Australia, motsogozedwa ndi Catherine Nock ndi Craig Hardner, anayeza DNA yoyenda kuchikazi n'kupeza kuti mitundu yambiri ya ku Hawaii ija imachokera ku kagulu kamodzi ka mitengo, mwinanso mtengo umodzi, pafupi ndi tauni ya Gympie. Malonda a mayiko ambiri aima pa mzere umodzi wa kuchikazi. Nthawi yomweyo gawo lalikulu la nkhalango ya kwawo kwa makademiya linadulidwa, ndipo lero ofuna mitundu yopirira kutentha ndi tizilombo akusakasaka mitengo yakuthengo m'timisitu totsala. Makademiya akutiuza kuti mtedza ungachuluke m'mashopu uku mtundu wake ukusauka. Mu Amazon momwemo mulinso phunziro la Fordlândia, munda wa rabara umene kampani ya Ford inatsegula mu 1928 m'mbali mwa mtsinje wa Tapajós. Mitengo ya rabara, imene kuthengo imakhala patalipatali, itadzalidwa mothithikana inagwidwa ndi matenda a masamba, ndipo pofika 1945 kampaniyo inachoka. Kumeneko vuto lalikulu linali kuthithikana, koma kuthithikana kukakumana ndi kufanana chibadwa, matenda amangoyenda ngati moto wolusa pa udzu wouma.

Mfundo yachiwiri ndi ya amene amadalira lamulo. N'zoona kuti ku Brazil kudula castanheira m'nkhalango zachilengedwe n'koletsedwa, ndipo lamulo la nambala 5.975 la mu 2006 limanena zimenezi momveka. Iwo amati mtengo ukapanda kudulidwa, majini ake ali pomwepo. Koma lamuloli limateteza thunthu, siliteteza moyo wozungulira thunthulo. Kudera la Marabá, kum'mwera chakum'mawa kwa Pará, kumene kale kunali likulu la malonda a mtedzawu, odula nkhalango anasiya ma castanheira ali chilili pakati pa msipu wa ng'ombe, ndipo yambiri inauma chiimire moti anthu anayamba kutcha malowo manda a castanheira. Moto wotentha msipu umawauza thunthu ndi mizu chaka ndi chaka, mphepo imagwetsa mtengo umene unazolowera kutchingidwa ndi inzake, njuchi zikuluzikulu zimasowa mitengo yowola yomangamo zisa ndi maluwa ena odya miyezi imene castanheira sakuchita maluwa, agouti sabwera pamtetete, ndipo mbande ikamera ng'ombe zimaiponda. Ngakhale mtengo wotere utabereka, mungu umakhala wochokera kwa anansi awiri kapena atatu otsala. Mtengo umene sungasiye ana, pa nkhani ya mtundu, ndi wakufa kale ngakhale uli ndi masamba. Kotero powerengera mitengo yotetezedwa tiziwerenga misitu imene ikuberekana, osati mathunthu oimirira.

Mfundo yachitatu ndi yochenjera kwambiri chifukwa imachokera ku sayansi yomweyo. Kafukufuku woyambirira wa m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990 anapeza kuti kusiyana kwakukulu kwa majini a mtengowu kuli mkati mwa msitu uliwonse, ndipo misitu yotalikirana siisiyana kwambiri monga munthu angayembekezere pa dera lalikulu ngati Amazon. Mu 2011 Glenn Shepard ndi Henri Ramirez anafotokoza kuti chifukwa chake chingakhale anthu: eni nthaka akale ananyamula mtedzawu n'kuufalitsa, ndipo anapereka umboni wa majini, wa zinenero ndi wa malo amene misituyi imapezeka. Anayerekezanso ndi mtengo wachibale wotchedwa sapucaia, umene umasiyana kwambiri dera ndi dera. Potengera izi ena amati: ngati misitu yonse ndi yofanana, kusunga umodzi waukulu n'kokwanira, ndipo njere ya kulikonse ingadzalidwe kulikonse. Ngati anthu akale anasuntha mbewu, ife tikuopa chiyani?

Pali mayankho atatu. Loyamba, kunena kuti kusiyana kwakukulu kuli mkati mwa msitu ndiye kukuvomereza mfundo yanga, chifukwa zikutanthauza kuti chuma chili pakati pa mtengo ndi mtengo, ndipo kutenga mitengo khumi ndi kutaya chochuluka. Lachiwiri, zizindikiro za DNA zimene amagwiritsa ntchito pa kafukufuku wotere nthawi zambiri amazisankha dala kuti zikhale zosakhudzana ndi kupirira nyengo. Zimatiuza za ubale ndi mbiri, sizitiuza ngati mbande ingapirire miyezi inayi yopanda mvula. Mtengo wa kum'mwera kwa Amazon, ku Mato Grosso kapena Acre, umakumana ndi chilimwe chachitali kusiyana ndi wa pakati pa Amazon, ndipo kufanana pa zizindikiro zija sikutsimikiza kuti ndi ofanana pa ludzu. Kafukufuku wa pambuyo pake, wa njira zoona bwino, wapezanso kuti misitu ya madera otalikirana imasiyana ndithu. Lachitatu, anthu akale anasuntha njere pang'onopang'ono, kwa zaka mazana ambiri, kuchokera ku mitengo yosawerengeka, ndipo nkhalango inali ndi nthawi yosefa zosayenera. Zimenezo n'zosiyana ndi lole imodzi yodzaza mbande za makolo asanu. Phunziro lenileni la mbiri imeneyi n'lakuti munthu ndi mtengowu akhala limodzi kwa nthawi yaitali popanda kuusaukitsa.

Za nkhokwe zosungira mbewu sindichedwapo. Njere za mbewu monga tirigu amaziumitsa n'kuzisunga pa madigiri 18 pansi pa ziro, monga ku nkhokwe yaikulu ya mbewu ya ku Svalbard, ku Norway. Njere ya castanheira ili ndi mafuta ochuluka ndipo ikauma kwambiri imataya mphamvu yomera, moti siisungika zaka zambiri mwa njira imeneyo. Nkhokwe yake yodalirika ndi mtengo wamoyo, ndipo munda wosungira mitengo yamoyo yotalika mamita 50 umafuna malo aakulu ndi ndalama za chaka ndi chaka kwa mibadwo. Nkhalango imagwira ntchitoyo yokha, n'kumasefanso mitengo mogwirizana ndi nyengo imene ikusintha.

Mfundo yomaliza ikuchokera mbali ina, kwa oteteza zachilengedwe amene amati vuto ndi otola. Mu 2003 Carlos Peres ndi anzake anafalitsa kafukufuku wa misitu 23 ya ku Brazil, Peru ndi Bolivia, wosonyeza kuti kumene mtedza watoledwa kwambiri kwa zaka zambiri mitengo yaing'ono imasowa. Chenjezoli n'lofunika, chifukwa msitu wa nkhalamba zokhazokha ulibe tsogolo. Komabe kafukufuku wina wa ku Bolivia wa mu 2002 anapeza kuti ngakhale njere zoposa 90 pa 100 zikutoledwa, mbande zimamerabe zokwanira kusunga msitu kwa nthawi yaitali. Zapezekanso kuti mbande ya castanheira imakonda kuwala, ndipo imachuluka m'masala ndi m'mipata imene mtengo waukulu wagwa. Kawirikawiri chimene chimasowa ndi dzuwa kapena agouti, amene otola ena amasaka ndiwo ali m'nkhalango. Ndipo tifunse: otola akachotsedwa, nkhalangoyo aziyang'anira ndani? Nkhalango yosungidwa ya Chico Mendes ku Acre, imene inakhazikitsidwa mu 1990 patapita kanthawi Mendes, mtsogoleri wa okhetsa utomoni wa rabara, ataphedwa ku Xapuri mu December 1988, inamangidwa pa mfundo yakuti nkhalango imene ikudyetsa anthu ili ndi oiteteza. Ku Madre de Dios ku Peru mabanja ali ndi zilolezo za zaka 40 zosamalira misitu ya mtedza, ndipo ku Riberalta ndi Cobija ku Bolivia anthu masauzande ambiri amadya za mtedzawu. Mukaletsa kutola, wopikisana naye amene amatsala ndi ng'ombe. Chofunika ndi kutola mwadongosolo: kusiya zigoba zina pansi, makamaka zogwa mochedwa, kupumitsa mbali zina za msitu mosinthanasinthana, kuchepetsa kusaka agouti, ndi kulambulira mbande zopezeka m'masala m'malo mozitentha.

Tsono kudzala kumene ndikuvomereza ndi kotani? Kumayambira pa kutolera mbewu. Kuti mukhale ndi mwayi wa 95 pa 100 wogwira mtundu wa jini umene uli mwa 5 pa 100 ya gulu, mumafunika majini 59 osachokera pachibale, kutanthauza mitengo pafupifupi 30 yosakhala pachibale. Chimenecho n'chiwerengero chochepetsetsa, ndipo 50 ndi yabwinopo. Makolowo atalikirane mamita osachepera 100, chifukwa oyandikana nthawi zambiri amakhala pachibale. Musatenge pa mitengo yokhala yokha pamsipu kapena ya m'mbali mwa msewu chabe, ngakhale ndi yosavuta kufikapo. Pa kholo lililonse tengani njere zofanana kuchuluka, kuchokera m'zigoba zingapo, popeza zigoba zosiyana zimatha kukhala za abambo osiyana. Kumbukirani kuti ana a mayi mmodzi, ngakhale atakhala 1,000 ndipo aliyense ndi bambo wake, pa masamu a majini saposa mitengo inayi, choncho kuwonjezera makolo kumapindula kuposa kuwonjezera njere. Mbewu yambiri ichokere m'dera lofanana mvula ndi nthaka ndi kumene mukudzala, ndipo gawo lochepa lingachokere kudera louma pang'ono pokonzekera zilala zimene zikubwera. Ngati n'kotheka tolerani zaka ziwiri kapena zitatu, chifukwa mitengo yobereka bwino chaka chino si yomweyo ya chaka chamawa.

Malo amene kusiyanasiyana kumatayika mwakachetechete ndi ku nazale. Njere ya castanheira ikafesedwa ndi chikhokho chake imatha kutenga chaka kapena kuposa isanamere, ndipo zimamera mosiyana nthawi. N'chifukwa chake ambiri amaisunga kaye mu mchenga wachinyezi, kenako n'kuchotsa chikhokho mosamala kuti asavulaze njere, popeza yovulala imaola. Wa nazale wofulumira amatenga zoyamba kumera n'kutaya zochedwa, ndipo mosadziwa amatsala ndi ana a makolo atatu kapena anayi mwa 50 aja. Njira yopewera izi ndi kulemba nambala ya kholo pa thumba lililonse kuyambira m'nkhalango mpaka pa dzenje, ndi kuwerenga mbande za banja lililonse musanatumize. Podzala, abale asayandikane m'mzere. Amene akufuna kumezanitsa agwiritse ntchito makolo makumi angapo, awasakanize m'munda mmalo mowaika m'zigawo, asiye nkhalango pafupi kuti njuchi zikhale ndi kwawo, ndipo njere za m'munda wa makolo ochepa zizipita kumsika wa chakudya, osati ku nazale. Ena adzati zonsezi n'zodula, ndipo n'zoona kuti kuyenda kwa makolo 50 m'nkhalango nyengo ya mvula kumadya masiku ambiri kuposa kugula thumba limodzi padoko. Koma anthu odziwa mtengo uliwonse ndi njira yake alipo kale, ndi otola omwewo, amene ambiri a iwo ali ndi mapu a misitu yawo. Mabungwe olipira ntchito yobwezeretsa nkhalango asiye kulipira pongowerenga mbande. Mu mgwirizano alembemo chiwerengero cha makolo, mtunda wa pakati pawo ndi dera lochokera mbewu, ndipo wotola amene wabweretsa njere zolembedwa bwino za makolo 50 alandire zochuluka kuposa wobweretsa thumba losadziwika kwawo.